Njira Yaifupi Ikhale ya Yani? Mbiri ya Stevenage ndi Houten

Ku Ulaya kuli matauni awiri amene mbiri yao inayamba mofanana, koma inatha mosiyana kwambiri. Ina ndi Stevenage, m'dziko la England. Inzace ndi Houten, m'dziko la Netherlands, limene ambiri amalicha Holland. Onse awiri anali midzi yaing'ono ya anthu zikwi zowerengeka. Onse awiri anasankhidwa ndi boma kuti akuzidwe, alandire mabanja osowa nyumba ocokera m'mizinda yaikuru ya pafupi. Ndipo m'matauni onse awiriwa amisiri anamanga njira zabwino za njinga ndi za oyenda pansi, zopatukana ndi miseu ya magalimoto. Koma ku Stevenage njirazo zimaonedwa ndi anthu ocepa, pamene ku Houten zimadzaza m'mawa uli wonse ndi ana opita kusukulu, amai opita kumsika ndi nkhalamba zopita kukaceza. Cimene cinasiyanitsa matauniwa ciyenera kudziwika, pakuti funso limene akuru ao anakumana nalo limafika pa tauni iri yonse imene magalimoto ayamba kuculukamo.

Mudzi umene unakana kukula

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mzinda wa London unali ndi nyumba zambirimbiri zophwasulidwa ndi mabomba, ndipo mabanja anali kukhala mothinana m'zipinda zakale zacinyontho. Boma linaganiza kuti m'malo mwa kuonjeza nyumba mu London momwemo, limange matauni atsopano kunja kwace, kumene anthu adzapeza nyumba, nchito ndi mpweya wabwino pamalo amodzi. Lamulo la matauni atsopano linakhazikitsidwa mu 1946, ndipo malo oyamba kusankhidwa anali Stevenage, mtunda wa makilomita ngati 50 kumpoto kwa London, m'cigawo ca Hertfordshire. Pa nthawiyo munali anthu ngati 6,000, okhala m'mbali mwa mseu wakale waukuru wopita kumpoto. Boma linafuna kuti afike 60,000.

Eni mudzi sanakondwe nazo. Pamene nduna yoyang'anira za matauni, Lewis Silkin, inafika mu Meyi 1946 kudzalankhula nao, iwo anaikuwiza pamsonkhano. Nduna inawayankha kuti kukuwa kwao sikudzasintha kanthu, nchitoyo idzacitika ndithu; ndipo potuluka inapeza matayala a galimoto yace ataphwetsedwa. Patapita miyezi ingapo, anthu ena anapita kusiteshoni ya sitima naikapo dzina lakuti Silkingrad, monga kunena kuti ndunayo ilamulira mouma mtima ngati akuru a ku Russia. Mlandu unakwera kufikira kubwalo lalikuru la House of Lords, koma mu 1947 eni mudzi anagonja. Stevenage inali itasankhidwa kale mwalamulo pa 11 Novembala 1946, ndipo mabanja oyamba analowa m'nyumba zao zatsopano mu 1951.

Olinganiza anagawa tauniyo m'madera 6, dera liri lonse la anthu ngati 10,000, lokhala ndi sukulu yace ya ana ang'ono ndi masitolo ace. Mafakitale anawaika paokha kumadzulo, kutsidya kwa njanji, kuti utsi ndi phokoso zisafike kunyumba. Cotero m'mawa uli wonse anthu zikwizikwi anayenera kudutsa tauni kupita kunchito, ndi kubwereranso madzulo. Kodi adzayenda pa ciani? Masiku amenewo yankho linaoneka losavuta. Petulo anali kugulidwa mwa muyeso wa boma kufikira 1950. Magalimoto a eni m'dziko lonse la Britain anali ngati 2 miliyoni cabe, ndipo mu 1949 njinga zinayenda gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse woyendedwa ndi zamagudumu pa miseu ya dzikolo. Wanchito wamba anali munthu wa njinga.

Njira za Eric Claxton

Pakati pa amisiri olembedwa nchito yomanga tauniyo panali injiniya wina, dzina lace Eric Claxton, amene anabadwa mu 1909. Munthuyu anali wokonda njinga, ndiponso anali wodziwa bwino za mabala a anthu. M'nthawi ya nkhondo anali kuphunzitsa magulu opulumutsa anthu okwiririka m'nyumba zogumuka, ndipo mu 1942 anayambitsa bungwe lochedwa Casualties Union, la anthu odzipereka amene amadzionetsa ngati ovulala kuti opulumutsa aphunzirire pa iwo. Munthu woona zotere sakanatha kuyesa ngozi ya pamseu kanthu kacabe. Iye anacita cidwi ndi njira za njinga za ku Holland, natsimikiza mtima kuti m'tauni yatsopanoyo njinga ndi galimoto yothamanga zisakumane. Anayamba nchito ku Stevenage mu 1946, nakhala injiniya wamkuru kuyambira 1962 kufikira 1972.

Njira zimene Claxton anamanga zinafika mamailosi 23, ndiwo makilomita ngati 37. Zinali za tara, zotakata bwino, ndipo pambali pace panali njira ina ya oyenda pansi. Pakati pa njirazo ndi mseu wa magalimoto anasiya kapinga ndi mitengo. Nzeru yace yaikuru inaoneka pa mphambano, pamene ngozi zambiri zimacitikira. Iye sanafune kuti wa njinga aime ndi kudikira mpata pakati pa magalimoto. Tsono anakweza mseu pang'ono, natsitsa njira ya njinga pang'ono, kuti ipite kunsi kwa mseuwo popanda citunda colemetsa miyendo. Cofuna cace cinali cakuti mwana acoke kwao kufika kusukulu, ndi atate wace kufika kufakitale, osaponda mseu waukuru ngakhale kamodzi.

Oyenda pansi naonso sanaiwalidwe. Pakati pa tauni anamanga bwalo la masitolo lopanda mseu wa magalimoto konse, cinthu cacilendo ku Britain pa nthawiyo, ndipo Mfumukazi Elizabeth II inalitsegula mu 1959. Alendo ocokera m'maiko ena anabwera kudzaona tauni imene inali itathetsa, monga anthu anaganizira, mkangano wa pakati pa galimoto, njinga ndi mwendo.

Koma ziwerengero zinanena zina. Olinganiza anayembekeza kuti mwa anthu 100 ali onse opita kunchito, 40 adzapita pa njinga. Pofika 1964 opalasa njinga anali 13 mwa 100. Pofika 1972, caka cimene Claxton anapuma pa nchito, anali 7. Pa kalembera wa 2011 sanafike ngakhale 3. Tauni imene inali ndi njira za njinga zoposa za matauni ambiri a ku Britain inafanana ndi matauni amene sanamange kanthu.

Cifukwa cimodzi cinali codziwika kwa onse: magalimoto a eni ku Britain anacuruka kucokera 2 miliyoni mu 1950 kufika ngati 10 miliyoni mu 1970, ndipo anchito a m'mafakitale a Stevenage anali kulandira bwino. Koma kugula galimoto si kufanana ndi kuikwera pa ulendo uli wonse, ngakhale wokagula buledi. Cimene cinathetsa njinga ku Stevenage cinali m'mamangidwe a tauni momwemo. Claxton sanali mdani wa galimoto. Monga injiniya wacilungamo anafuna kuti ali yense ayende bwino, ndipo miseu ya magalimoto anaimanga ndi luso lomwelo: yotakata, yoongoka, yokhala ndi maraundabauti pa mphambano m'malo mwa maloboti, kuti woyendetsa asaime. Malo oimikapo magalimoto anali ambiri kufakitale ndi pafupi ndi masitolo. Ndipo pocotsa njinga ndi oyenda pansi pa mseu waukuru, iye anasiyira woyendetsa mseu wonse, wopanda comcedwetsa.

Cotero wanchito wokhala kum'mawa kwa tauni, pofuna kufika kufakitale kumadzulo, anali ndi njira ziwiri pakhomo pace. Zonse ziwiri zinali zabwino ndi zosaopsya. Zonse ziwiri zinali za utali wofanana, pakuti njira ya njinga inatsata m'mbali mwa mseu waukuru. Koma pa galimoto anafika m'mphindi zowerengeka, wouma ngakhale mvula igwe, wosatopa. Munthu wotere sanafunikire kudana ndi njinga kuti aisiye. Anangosankha copepuka, monga madzi atsata kumene kuli kotsetsereka.

Ndipo njira ikayamba kusowa anthu, imapitirira kusowa anthu. Malo odutsira kunsi kwa mseu, amene masana anali citetezo, usiku anakhala oopsya kwa munthu woyenda yekha, makamaka akazi ndi okalamba. Pa bwalo la masitolo, pamene anthu ambiri anafuna kupita, kupalasa njinga kunaletsedwa. Ana amene anakula akuona makolo ao akwera galimoto pa ulendo uli wonse anacita cimodzimodzi atakula. Claxton anamwalira mu 1993, ndipo m'ukalamba wace anadandaula kuti anthu asandutsa galimoto dengu logulira zinthu ndi jasi lopewera mphepo. Anaimba mlandu maganizo a oyendetsa. Koma miseu imene inawaphunzitsa maganizowo anaimanga ndi iye mwini.

Kutsidya kwa nyanja

Dziko la Holland, kumene Claxton anatengako nzeru zace, liri kutsidya kwa nyanja, kum'mawa kwa England. Ambiri amaganiza kuti anthu a kumeneko anabadwa ndi njinga ndipo sanaisiye konse. Si momwemo iai. Kumenekonso magalimoto anacuruka mofulumira, kucokera ngati theka la miliyoni mu 1960 kufika oposa 2 miliyoni mu 1970. M'mizinda ina anagwetsa nyumba zakale ndi kukwirira ngalande za madzi kuti apeze malo a miseu yotakata, ndipo mabwalo a misika anasanduka malo oimikapo magalimoto. Opalasa njinga anacepa caka ndi caka. Mtengo wa zonsezi unalipidwa ndi mwazi: mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa miseu ya dzikolo, ndipo mwa iwo oposa 400 anali ana.

Mmodzi wa anawo anali mtsikana wa zaka 6, amene anagundidwa ndi galimoto ali kupita kusukulu pa njinga. Atate wace, Vic Langenhoff, anali mlembi wa nyuzipepala, ndipo mu 1972 analemba nkhani m'nyuzi yochedwa De Tijd yoitana makolo kuti aimirire pamodzi. Motero linayamba gulu lochedwa Stop de Kindermoord, ndiko kunena kuti, Lekani Kupha Ana. Mtsogoleri wace woyamba anali mai wacitsikana, Maartje van Putten. Akuru akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo makolo a ku Holland anacita monga anthu okhulupirira mau amenewo. Anachinga miseu ya ngozi ndi matupi ao, anatulutsa matebulo nadyera pakati pa mseu, ndipo tsiku lina anapalasa njinga kufikira pakhomo pa nduna yaikuru, Joop den Uyl, kuti akambe nayo maso ndi maso.

Pa nthawi yomweyo panadza vuto lina. Mu Okutobala 1973 maiko a Aarabu analeka kugulitsa mafuta ku Holland kaamba ka kugwirizana kwace ndi Israel pa nkhondo ya caka cimeneco. Boma linaletsa magalimoto kuyenda tsiku la Lamulungu, kuyambira pa 4 Novembala 1973, ndipo zinatero masabata 10. Anthu anatuluka ndi njinga zao pa miseu yaikuru imene inali zii, ndipo ambiri anakumbukira m'mene tauni imamvekera popanda phokoso la injini. Mu 1975 opalasa njinga anapanga bungwe lao, limene lero lidziwika ndi dzina lakuti Fietsersbond. Mu 1976 boma linaika m'malamulo mtundu watsopano wa mseu wa pakati pa nyumba, wochedwa woonerf, umene unayesedwa poyamba m'tauni ya Delft. Pa mseu wotere woyenda pansi ali ndi ufuru pa mseu wonse, ana aloledwa kusewerapo, ndipo pa lamulo loyambalo galimoto inayenera kuyenda liwiro la munthu wapansi.

Tauni yoyambira pa njira ya mwana

M'zaka zomwezo ndimo munali kulinganizidwa tauni ya Houten. Unali mudzi wa alimi a zipatso ndi ng'ombe, wa anthu ngati 4,000, makilomita ngati 9 kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda wa Utrecht. Njanji inadutsa pambali pace, koma sitima zinali zitaleka kuimapo zaka zambiri. Mu 1966 boma linausankha kuti ukule, ulandire anthu osowa nyumba a ku Utrecht. Monga ku Stevenage, eni mudzi anaopa kumezedwa. Koma akuru a khonsolo, poona kuti kukula sikungakanidwe, anafuna kuti tauniyo ikule ndi mtima wa mudzi, kumene mwana angatumidwe kusitolo popanda amace kuima pacipata ndi nkhawa.

Wolinganiza amene anapatsidwa nchitoyo anali Rob Derks. Mwambo wa amisiri unali wakuti pojambula tauni ayambe ndi miseu ya magalimoto, kenaka nyumba, ndipo malo otsala apatse njinga ndi mitengo. Derks anatembenuza mwambowo. Anayamba ndi mzere wautali wa kapinga, mitengo ndi madzi wodutsa pakati pa tauni kucokera kum'mawa kufika kumadzulo, naikamo njira yaikuru ya njinga ndi ya oyenda pansi. Kucokera m'njira imeneyo anaturutsa nthambi zolowa m'dera liri lonse. Masukulu anawaika m'mbali mwa njirazo. Pamene njira yaikuru ikumana ndi njanji anaikapo mtima wa tauni, ndiwo masitolo, nyumba ya khonsolo ndi siteshoni yatsopano ya sitima, imene inatsegulidwa mu 1982. Mseu waukuru wa magalimoto unadza potsiriza, ndipo anaupititsa kunja, mozinga tauni yonse monga mpanda uzinga khola.

Cinsinsi ca Houten ciri m'mene madera alumikizidwira ku mseu wozingawo. Dera liri lonse liri ndi cipata cace ca magalimoto coturukira ku mseu umenewo, koma palibe mseu wa magalimoto wocokera m'dera limodzi kulowa m'dera linzace. Munthu wofuna kukaona mbale wace wa dera loyandikana nalo, akatenga galimoto, ayenera kuturuka kunja, kuzungulira, ndi kulowanso pa cipata cina. Akatenga njinga, kapena akayenda pansi, angodutsa molunjika pakati pa mitengo. Cotero pa maulendo ambiri a m'kati mwa tauni wa njinga amafika msanga kuposa wa galimoto, kapena amafika pamodzi. M'kati mwa madera magalimoto sapitirira makilomita 30 pa ora, ndipo popeza palibe odutsa opita kwina, amene ayendamo ndi eni nyumba ndi alendo ao cabe. Pamene njira ya njinga idutsa kamseu ka m'dera, wodikira ndi wa galimoto. Pamene ikumana ndi mseu wozinga, kumene magalimoto amathamanga, imapita kunsi kwace, monga momwe Claxton anacitira.

Kumanga kunayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu anali oposa 30,000. Mu 1994 boma linasankhanso Houten kuti ikule kaciwiri. Apa ndipo panaoneka ngati eni tauni anakhutira ndi mamangidwewo kapena iai, pakuti anali atakhalamo zaka zokwanira kudziwa zokoma ndi zowawa zace. Iwo anabwereza nzeru yomweyo: anamanga mseu wozinga waciwiri kum'mwera, kotero kuti pa mapu miseu iwiriyo ioneka ngati nambala 8. Siteshoni yaciwiri, Houten Castellum, inatsegulidwa mu 2010, ndipo mu 2011 kunsi kwa siteshoni yoyamba anatsegula nyumba yosungiramo njinga zoposa 3,000, kuti munthu asiye njinga yace pouma, akwere makwerero, alowe m'sitima ya ku Utrecht. Anthu a m'tauniyo anafika ngati 50,000. Bungwe la Fietsersbond linaicha tauni yopambana ya njinga m'dziko lonse mu 2008, ndiponso kaciwiri mu 2018.

Ciyenera kumveka bwino kuti ku Houten galimoto sinaletsedwe. Mabanja ambiri ali ndi magalimoto, amawaimika pafupi ndi nyumba zao, ndipo ogwira nchito kutali amaturuka nao m'mawa kukalowa m'miseu yaikuru ya dziko imene ipita pafupi ndi tauniyo. Anthu a ku Houten si oyera mtima kuposa a ku Stevenage, ndipo mvula ya kwao imanyowetsa cimodzimodzi. Iwonso amasankha copepuka. Kusiyana kwace nkwakuti kwao copepuka, pa ulendo wa kusukulu, kusitolo ndi kusiteshoni, ndico njinga kapena mwendo. Ndipo popeza njirazo zimakhala ndi anthu usana ndi madzulo, woyenda yekha saopa, ndipo makolo amalola ana ang'ono kupita okha kusukulu ndi kwa anzao.

Zimene otsutsa amanena

Pali mau awiri otsutsa amene ayenera kuyankhidwa. Oyamba ndi akuti Holland ndi dziko la cidikha, lopanda mapiri, ndipo cizolowezi ca njinga sicinafe konse kumeneko monga cinafera ku England. Izi nzoona, ndipo zinathandiza Houten. Koma zitunda za ku Stevenage si zazitali, ndipo pamene tauniyo inali kumangidwa Angerezi anali opalasa njinga kwambiri. Cizolowezi cao sicinafe cokha. Cinafa pamene njira ina inakhala yofulumira pa ulendo uli wonse. Ku Holland cizolowezico cinali kufanso m'zaka za m'ma 1960, kufikira makolo ndi makhonsolo anasintha miseu. Mu 2019 akufa pa miseu ya dzikolo anali 661, ngakhale anthu ndi magalimoto anali atacuruka kwambiri kuposa mu 1971.

Mau aciwiri ndi olemera koposa. Houten inamangidwa pa minda yopanda nyumba, kumene wolinganiza anali ndi ufuru wojambula monga anafunira. Nanga tauni yakale, imene miseu yace iripo kale, ingacite ciani? Yankho linaperekedwa ndi mzinda wakale wa Groningen, kumpoto kwa Holland. Kumeneko khonsolo, potsogozedwa ndi mkuru wacinyamata Max van den Berg, inagawa pakati pa mzinda m'zigawo zinai. Galimoto inaloledwa kulowa m'cigawo ciri conse, koma sinaloledwe kudutsa kucokera m'cigawo cimodzi kulowa m'cinzace. Inayenera kubwerera ku mseu wa kunja. Njinga ndi oyenda pansi anadutsa pali ponse. Nchitoyo inacitika mu Sepitembala 1977, ndipo zida zace zazikuru zinali zikwangwani za pamseu, zimene anchito anaziimika usiku umodzi. Eni masitolo anakwiya kwambiri, nanenera kuti malonda adzafa. Malonda sanafe, ndipo Groningen inakhala umodzi wa mizinda yochuka ya njinga pa dziko lonse. Nzeru ya Houten, tsono, sifuna minda yopanda nyumba. Ifuna khonsolo yolimba mtima.

Kulimba mtimako kumafunika cifukwa nzeru imeneyi iri ndi mtengo wace, ndipo walira mvula walira matope. Woyendetsa amataya mphindi ndi petulo pozungulira. Mlendo wosadziwa tauni amasokera pofuna cipata coyenera. Wamalonda amaopa kuti ogula adzapita kwina. Anthu amenewa ali ndi mau, amadziwa njira ya ku ofesi ya khonsolo, ndipo madandaulo ao amamveka tsiku lomwelo. Amene apindula koposa ndi ana, okalamba ndi osauka opanda galimoto, ndipo iwowa safika kawirikawiri pa misonkhano ya akuru. Ku Stevenage panalibe wodandaula za miseu, pakuti ali yense anapatsidwa cimene anafuna. Ndipo cifukwa ca ico akuru sanakakamizidwe kusankha amene ayenera kutsogola.

Njira za Claxton ziripobe ku Stevenage, tauni imene pa kalembera wa 2021 inali ndi anthu pafupifupi 90,000. Sizinali nchito yacabe, pakuti amene amaziyenda amatetezedwa, ndipo tara wace ndi malo odutsira kunsi kwa mseu ndi cuma cimene matauni ambiri alibe. Koma mbiri yace iphunzitsa kuti kumanga njira yabwino ndi theka la nchito. Theka linalo liri m'mafunso atatu amene wolinganiza ayenera kufunsa asanajambule mseu ndi umodzi womwe. Kodi njirayo ifika kumene anthu afuna kupita, pakhomo pa sukulu, pa msika, pa cipatala ndi pa siteshoni? Kodi kucokera pakhomo pa nyumba kufika kumeneko, njira yaifupi ndi ya yani? Ndipo pamene njira ziwiri zikumana, adikire ndani?

Mafunso amenewa amayankhidwa mosavuta pamene tauni ikali yaing'ono ndipo magalimoto akali ocepa, pakuti pa nthawiyo opalasa njinga ndi oyenda pansi ndiwo ambiri, ndipo palibe amene alandidwa cimene anazolowera. Stevenage inali pa nthawi yotere mu 1950, pamene njinga zinali kudzaza zipata za mafakitale a ku England, ndipo amisiri anaganiza kuti zidzatero masiku onse. Zinatenga zaka 20 cabe kuti zinthu zitembenuke. Houten inayankha mafunsowo nyumba zisanamangidwe, ndipo ana amene anapalasa njinga kupita kusukulu m'zaka za m'ma 1980 ndiwo makolo amene lero amatsegulira ana ao cipata m'mawa, nabwerera m'nyumba osaima kuwayang'ana.